Kwinini M'kati mwa Nthochi

Mwana wanga woyamba anali wamkazi, ndipo malungo anamugwira ali ndi zaka zinayi. Inali nthawi ya Chitaganya, dziko lino lisanalandire ufulu. Tinkakhala ku Manja, ndipo bambo ake ankagwira ntchito yosankha fodya ku Limbe. Poweruka ankabwera ndi nthochi za ku Thyolo atazimangirira pakaliyala wa njinga. Mwanayo akamva belu ankathamangira panja. Bambo ake ankaganiza kuti akuthamangira iwo, ine ndinkangowasiya.

Kuchipatala anandipatsa mapilitsi a kwinini m'kapepala. Amene sanalawepo kwinini asandiuze za kuwawa. Ndinkasungunula pilitsi pasupuni, kumupana ndi miyendo, kumutsina mphuno, monga ankachitira amayi onse. Theka linkalowa, theka linkathera pansalu yanga. Pofika tsiku lachitatu anali atakana phala, tiyi nayenso ayi. Chimene ankalandirabe chinali nthochi basi.

Apo m'pamene ndinadziona wochenjera. Ndinaboola nthochi ndi kamtengo ka machesi, kulowetsamo kachidutswa ka pilitsi, n'kutseka bowo ndi chala. Anameza osadziwa. Madzulo anamezanso. M'mawa mwake ndinakadzitama kumpopi, kuphunzitsa azimayi anzanga ngati ndine nesi.

Bambo ake okha sanakondwere nazo.

"Amake mwana," anatero, "chakudya chamutsalira n'chimodzi chomwechi. Mukamuipitsira, adya chiyani?"

"Ndiye muzimumwetsa ndinu, poti mumadziwa," ndinawayankha. Pakamwa panga sipankachedwa masiku amenewo.

Tsiku lomwelo mwanayo analuma pomwe panali pilitsi. Sanalire. Analavulira m'dzanja lake, n'kuyang'ana kachidutswa koyerako, kenako n'kundiyang'ana ine.

"Amayi, mwaikamo chiyani?"

"Mulibe kanthu, idya."

Ndinamunamiza, umboni uli m'dzanja lake. Kuyambira pamenepo nthochi sanailandirenso. Ndinayambiranso kumupana ndi kumutsina mphuno, kwinini n'kumagwera m'mimba mopanda kanthu, iye n'kumasanza. Thupi linatentha koposa kale, ndipo ndinamubereka kubwerera naye kuchipatala, kumene anatigoneka.

Kumeneko ankamubaya jakisoni, za mapilitsi zinatha. Nesi anandiuza kuti ndiyesetse kuti alaweko kanthu. Masana bambo ake anapalasa njinga kuchokera ku Limbe ndi nthochi zitatu zakupsa bwino. Ndinasenda imodzi iye akuona.

"Iyi mulibe mankhwala, mwanangu. Ndalumbira."

Anailandira. Ine ndinati adya. Koma anaiika pambale n'kuyamba kuibenthula ndi tizala take, kachidutswa kalikonse kukafinya, kufufuza pilitsi. Analibe mphamvu, ndiye zinamutengera nthawi. Bambo ake anatembenukira kuzenera. Pomwe ankamaliza kufufuza anali atatopa, ndipo anagona osaikako ngakhale kachidutswa kamodzi m'kamwa. Ndinamupukuta zala ndi nsonga ya nsalu yanga.

Sanadzukenso bwinobwino. Anamwalira tsiku lotsatira dzuwa lisanafike pamutu.

Adokotala anati malungo anali atalowa kumutu, nthochi sikanamupulumutsa. Bambo ake nawonso, mpaka tsiku limene anatisiya, sanandikumbutsepo mawu awo aja, ndipo nthawi zina ndinkalakalaka akanangondikalipira. Sinditsutsana ndi adokotala, iwo anaphunzira. Changa chimene chimandiwawa n'china.

Ana asanu amene anabwera pambuyo pake sindinawabisirepo mankhwala m'chakudya. Ndinkawauza poyera kuti awa ndi owawa kwambiri, imwa, nthochi ibwera pambuyo. Ankalira, ankati amayi ndi ankhanza, koma ndikati mulibe kanthu ankadya osayang'ana. Zidzukulu zanga lero zimamwa mankhwala otsekemera a m'botolo, zina mpaka kulirira supuni yachiwiri. Ndimasangalala nazo, komanso ndimachita nsanje, sindibisa.

Nthochi ya kuchipatala ija inalibedi kanthu. Ndinalumbira, ndipo ndinkanena zoona. Koma mwana wanga anathera timphamvu take totsiriza kufufuza yekha, chifukwa mawu a mayi ake sanawakhulupirirenso.