Galimoto Imene Malemu Anasiya

Amake mapasa anaphunzira kuyendetsa galimoto imvi zitamera kale. Sikuti ankafuna zoyendetsazo. Amuna awo atamwalira, galimoto inangokhala pashedi kuseri kwa nyumba, fumbi likuunjikana pagalasi, ndipo alamu awo, mng'ono wake wa malemu, anayamba kubwera pafupipafupi n'kumaizungulira uku akumenya matayala ndi nsapato.

"Mlamu, chitsulo chikangokhala chimachita dzimbiri. Bwanji ndizikuyendetserani?"

"Ndamva, alamu," ankatero iwo, n'kuwathirira tiyi. Pasanapite nthawi anakalembetsa kusukulu yophunzitsa kuyendetsa.

Ntchito yawo inali utelala. Shopu yawo inali kachipinda kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa mafoni. Munali makina osokera, tebulo lodulirapo nsalu lodzaza zipsera za sizasi, ndi simbi imene chingwe chake anachikulunga ndi tepi. Ankasoka mayunifolomu a ana asukulu, kufupikitsa mabuluku, kuika mazipi. Mapasa aja, onse aakazi, anali atakula. Wina anali namwino mumzinda wina, mnzakeyo anakwatiwa kutali. Onse awiri ankaimba foni Lamlungu.

Malemu anali wogulitsa mankhwala a ziweto. Ankazungulira m'matauni ang'onoang'ono kusiya makatoni m'mashopu, n'chifukwa chake anagula galimoto ya dizilo. Pakhomo anali munthu wa mawu ochepa. Akafika ankavula nsapato pakhonde, kusamba, n'kukhala pampando wawo kumvera wailesi. Ukawafunsa za ulendo ankangoti, "Tayenda." Amake mapasa anavomereza kalekale kuti anakwatiwa ndi munthu wosayankhula, ndipo sankaona chodandaulitsa. Ena amuna awo amayankhula, koma zimene amayankhulazo bola kukhala chete.

Laisensi itatuluka, ulendo wawo unali umodzi wokha: kuchoka kunyumba, kutsika ndi msewu wa m'makomo, kukhota pa famase yogulitsa mankhwala, kuimika kutsogolo kwa shopu. Munthu woyenda pansi akanyamukira nawo limodzi ankafika iwo asanamalize kukhoma zitseko. Madzulo ankabwerera njira yomweyo. Msewu waukulu wotuluka m'tauni ankauopa ngati moto chifukwa cha malole.

Chinthu chimodzi anatengera kwa malemu pongowaonerera. Loweruka lililonse ankatsegula boneti, kusolola kachitsulo koyezera oyilo, kukapukuta ndi kansalu, kukabwezera, n'kukasololanso. Miyezi ikupita anaona kuti oyilo sakutsika. Oyiloyo anafika pamzere wapamwamba, kenako anaupitirira.

"Magalimoto a anthu amamwa oyilo," anauza wometa tsitsi uja. "Yangayi ikuchita kubereka."

"Ndiye mukuchedweranji ndi masingano, mayi? Tiyeni tizitunga tizigulitsa."

Alamu atabwera nawonso anasolola kachitsulo kaja, n'kupukusa mutu.

"Mwathira wambiri."

"Sindinathiremo ngakhale dontho."

"Ndiye wathira ndani? Achimwene?"

Anaseka okha. Amake mapasa anatseka boneti.

Kenako kanyali kachikasu kanayaka kutsogolo kwa chiwongolero, osazimanso. Injini inayamba kulira mokhakhala m'mawa, ndipo m'shedi munkatsala fungo. Anaganiza zopita kugalaja kumene malemu ankakonzetsa. Alamu, amene sanaitanidwe, anakwera nawo.

Makaniko wa pamenepo anthu ankamutcha a Mphuno, chifukwa chilichonse ankayamba achinunkhiza asanagwire sipanala. Anadonthetsera oyilo pachala, n'kumufikisa ndi chala chinzake. Oyiloyo anali wopyapyala ngati tiyi wopanda mkaka. Ananunkhiza, kenako anatambasulira dzanjalo kwa amake mapasa.

"Tamvani nokha, mayi."

"Dizilo," anatero iwo. "Walowa bwanji m'menemo?"

"Mumapita nayo kuti galimotoyi?"

"Kushopu."

"Kwina?"

"Kunyumba."

A Mphuno anapukuta chala pa ovolosi. Anafotokoza kuti kupaipi yotulutsira utsi kuli sefa yogwira mwaye. Sefayo ikadzaza, injini imathira dizilo woonjezera kuti mwayewo upse, koma zimenezo zimatheka injini ikatentha bwino ndiponso ikathamanga kwa nthawi ndithu.

"Tsono inu mukuizimitsa isanafunde n'komwe. Dizilo uja sapsa yense, amatsetsereka n'kukagwera mu oyilo. Mawa iyambiranso, inu muzimitsanso. Oyilo akasungunuka chonchi sagwira ntchito, zitsulo zimayamba kudyana m'katimo."

"Ndiye mankhwala ake?"

"Uyu titaya, tithira watsopano. Koma mankhwala enieni ndi msewu. Abambo aja ankaiyendetsa mitunda. Mukapanda kutero, igulitseni mugule ya petulo, kapena muipereke kwa munthu wa maulendo."

Alamu anatsokomola pang'ono n'kuwongola kolala.

"Thirani watsopanoyo," anatero amake mapasa.

Loweruka lotsatira shopu sanatsegule. Anadutsa pa famase osakhota, n'kulowa mumsewu waukulu. Anagwiritsitsa chiwongolero ndi manja onse awiri. Lole inawaimbira hutala kumbuyo, iwo n'kungoyang'ana kutsogolo. Giya yachinayi anaipeza movutikira, yachisanu inalowa yokha. Nyumba zitatha n'kuyamba minda, anamva injini ikusintha mawu, kulira mosalala ngati makina osokera ongothiridwa kumene mafuta. Atayang'ananso pansi, kanyali kaja kanali katazima. Sanadziwe kuti kazimira pati.

Patauni yoyamba anaima kuti apumeko. Malo oimikapo anapezeka kutsogolo kwa shopu ya zakudya ndi mankhwala a ziweto. Asanatsike n'komwe, mwini shopuyo, mayi wonenepa wovala epuloni, anatuluka n'kuyang'anitsitsa nambala ya galimoto.

"Pepani, mayi. Iyi si galimoto ya a Nthabwala?"

"A ndani?"

"Aatali, a chipsera pachibwano. Ankatibweretsera mankhwala a nkhupakupa."

"Amenewo anali amuna anga."

Mayi uja anagwira pakamwa. Anati za malirowo anamva mochedwa, kwa munthu wina amene anayamba kubweretsa katundu. Anawalowetsa m'shopu, kuwakhazika pampando pafupi ndi matumba a chakudya cha nkhuku, n'kuwatsegulira chakumwa chozizira. Kenako anayamba kusimba. Akuti malemu akafika ankakhala pathumba lomwelo n'kumayeseza kutsokomola kwa mbuzi yodwala, mpaka alimi obwera kudzagula ankaiwala chimene abwerera. Ankatha kutsanzira mayendedwe a aliyense wa pamsewupo. Tsiku lina wogulitsa nyama anaseka mpaka kugwetsa sikelo.

Amake mapasa anamvetsera botolo lili m'manja.

"Mukunena amuna anga omwewa?"

"Omwewo. Inunso ankakutchulani. Amati, 'Akazi anga akangokuyang'ana adziwa kale saizi ya kolala yako, tepi amangoigwira kuti usachite mantha.'"

Iwo anamwa chakumwa chija mpaka kutha, anathokoza, n'kubwerera. Pobwerera malole sanawaopse kwambiri, maganizo anali kwina. Atafika anaimika galimoto pashedi, analowa m'nyumba, n'kukhala nthawi ndithu moyang'anizana ndi mpando wa malemu. Sanalire. Kenako anadzuka kukaviika zovala.

Lamlungu mapasa ataimba, anawafotokozera. Namwino uja anakana.

"Adadi? Nthabwala? Amayi, mayiyo wasokoneza anthu."

Koma mnzakeyo anati, "Ayi, mwina n'zoona. Paja akamatiperekeza kusukulu yogonera ankaimba njira yonse. Ankapeka nyimbo za ng'ombe zimene tikudutsa. Tikangofika pageti, basi, ankasiya."

Amake mapasa anayesa kukumbukira ulendo wautali umene anayendapo ndi amuna awo awiriwiri. Anapeza wa kumaliro a apongozi awo, ndipo tsiku limenelo panalibe woimba. Maulendo ena onse iwo ankatsala, poti shopu siikanatsekedwa.

Kuyambira pamenepo Loweruka linakhala la msewu. Ankapitirira pang'ono pamene analekezera mlungu wapitawo. M'mashopu ena a ziweto ankaidziwa galimotoyo ndipo ankawonjezera nkhani zina, m'mashopu ena munali anthu atsopano amene sankadziwa kanthu. Patapita nthawi anasiya kufunsa. Anayamba kunyamula mayunifolomu angapo pampando wakumbuyo, ndipo aphunzitsi aakulu a sukulu za m'mataunimo anayamba kuwaitanitsa. Ntchito inachuluka mpaka anagula makina achiwiri n'kulemba mayi wina woti azisoka iwo akachoka.

Oyilo sanakwerenso. A Mphuno anati miyezi ija inali itadya kale zitsulo pang'ono, moti injiniyo siidzafika pamene ikanafika, ndipo m'mawa inkatulutsa kautsi kobiriwira isanatenthe. Alamu anagula njinga yamoto, ndipo ankabwerabe kudzamwa tiyi.

Chaka chotsatira mwana wawo wokwatiwa kutali uja anachira, mwana wamwamuna. Amake mapasa analongedza matewera ndi timalaya timene anasoka okha, anasiyira mayi wosoka uja makiyi a shopu, n'kunyamuka m'mamawa. Unali ulendo wa tsiku lathunthu, wodutsa m'mapiri, ndipo anafika dzuwa likulowa, msana ukuwawa. Mkamwini wawo anatuluka kudzawalandira akuyang'ana m'galimoto kuti aone amene wawayendetsa.

Amake mapasa anati akhala milungu ingapo, koma anakhala mpaka mwanayo atayamba kukhala pansi yekha. Atabwerera anapeza mabuluku a anthu ataunjikana patebulo, poti makasitomala akale ankakana kuti wina awadulire. Anavala magalasi, analowetsa ulusi pasingano, n'kuyambira buluku la wometa tsitsi, amene ndi amene ankadandaula kwambiri.