Kapepala ka mizere ya mtima wanu

Adadi, lero m'Baibulo lanu ndapezamo kapepala ka mizere yokhotakhota kaja, kochokera m'makina oyezera mtima. Munabwera nako kunyumba ku Ndirande matipate atangoyamba. Adokotala anati chiwindi chanu chakutidwa ndi mafuta, ndipo mizereyo ikusonyeza kuti mtima wayamba kuphonya. Munaseka, n'kusisita mimba: "Chiwindi ndi mtima zikukhudzana pati? Masiku ano wolozedwa zala ndi woonda. Ndisiyeni ndinenepe."

Tinaseka nanu, poti nthawi imeneyo kunenepa kunali umboni woti kachilombo mulibe. Sipanapite zaka zambiri, mtima unaima muli pantchito ku Makata. Mpaka pano ndimadabwa: adokotala aja anaona chiyani pa timizereti? Lachiwiri ndikukayezetsa chiwindi changa. Funso lanu lija ndikalifunsa ine, koma sindikaseka.