Mkamwini wa ku Ngumbo

Tinanyamuka ku Ngumbo dzuwa litangotuluka, ine ndi mkazi wanga Rozina, titatchena ngati tikupita ku ukwati wa eni ake. Ulendo unali wa ku Mbamba Bay, kukapempha boma kuti lindilole kukhala m'Tanzania monga mwamuna wake. Zaka zonsezi ndinkakhalira chilolezo cha ntchito, koma bwana amene ndinkamukhomera maboti anatseka bizinesi n'kusamukira ku Songea, ndipo chilolezocho chinali pafupi kutha.

Ine kwathu ndi ku Nkhotakota, kumene mwamuna akakwatira amakamanga kwa mkazi. Ndiye mantha ndinalibe. Ndine mkamwini, nyumba ndinamanga, chinangwa cha apongozi ndimalima, mwana tinabereka. Boma lingafunenso chiyani, mbuzi?

Apongozi anga, mayi ake a Rozina, anafa ziwalo mbali imodzi, moti sadzuka okha. Mwana wawo wotsala ndi Rozina yekhayo, ndiye wowasambitsa ndi kuwatembenuza. Tsikulo tinawasiya ndi mayi wina woyandikana nafe, pamodzi ndi mwana wathu Neema.

Kuchoka ku Ngumbo mpaka ku Kihagara tinakwera bodaboda, njinga yamoto, atatu pampando wa awiri. Mnyamata woyendetsayo anatiuza kuti tisamagwire iye koma tizigwira Mulungu. Ku Kihagarako tinapeza kabasi kofumuka, kodzaza madengu a usipa wouma, kuno amati dagaa. Kondakitala anatilipiritsa mashilingi zikwi zisanu aliyense, n'kundikhazika padengu. Suti yomwe ndinavala inayamba kununkha ndiwo. Rozina anaseka mpaka misozi, ndipo kuseka kwake kwa tsikulo kunathera pomwepo.

Ku Liuli basi inaima nthawi yaitali, dalaivala akuthira madzi mu injini. Tinamwa tiyi ndi mandasi pakasitolo ka mayi wina amene atangomva Chiswahili changa chopunduka anandiyankha m'Chichewa. Anali wa ku Likoma, anakwatiwa kuno kalekale. Nditamuuza za ulendo wathu anasiya kupukuta kapu, n'kundiyang'ana mwachisoni.

“Achimwene, kuno si kwanu. Kuno mkazi ndiye amasenza mtolo kupita kwa mwamuna.”

Ndinamuyankha kuti zimenezo ndi za m'mudzi, boma limaona chikalata cha ukwati. Iye anangoti tiyende bwino.

Kuchoka apo msewu umakwera ndi kutsika, pena miyala, pena mchenga, nyanja ikubisala ndi kuonekera kudzanja lamanja. Tinalowa mu Mbamba Bay dzuwa lili paliwombo, tili mbuu ndi fumbi.

Mu ofesi munali bambo wa ulemu wake, sindingamunamizire. Anatipatsa mipando, anawerenga chikalata chathu, anaonanso zithunzi za ukwati n'kuyamikira diresi la Rozina. Kenako anafotokoza pang'onopang'ono kuti ndimve. Anati zikanakhala kuti Mtanzania ndi ine, mlendo ndi Rozina, njira inali yosavuta, chifukwa mkazi amalembedwa pansi pa mwamuna wake. Koma mwamuna wachilendo ukwati wokha sumukhazika. Afunika womulemba ntchito wovomerezeka, apo ayi bizinesi ya mpamba waukulu. Ine mpamba wanga ndi sowo ndi nyundo.

Ndinayesa kumuuza za chikamwini. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti ndi mwambo wabwino ndithu, koma m'malamulo awo mulibe. Anatembenukira kwa Rozina n'kumufunsa chomuletsa kunditsatira ku Malawi. Rozina anangoti, “Mayi.”

Titatuluka tinakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi doko, pamene amalonda ankapakira matumba m'boti lopita ku Nkhata Bay. Ndinagula mpunga wa nyemba, koma unazizira m'mbale. Mtima unandiwawa kwabasi. Ndinkayang'ana botilo ndikudziwa kuti posachedwa ndikhala mmenemo ndekha.

Pobwerera tinakweranso basi, n'kudutsa Liuli. Rozina anayankhula maso ali pawindo.

“Baba Neema, mupite. Mayi akadzatisiya, ndidzakutsatirani ndi mwana.”

Atangotero anadzigwira pakamwa n'kuyamba kulira, poti anamva yekha zimene wanena. Apongozi aja ndi amene anandilandira ndili ndi kachikwama kamodzi, abale awo akuti mwana asakwatiwe ndi mlendo. Tsopano kuti banja langa likhalenso pamodzi, pafunika maliro awo. Ulendowu unandiphunzitsa kuti mwambo wa kwanu suwoloka nawe nyanja, ndipo phunzirolo ndikanakonda kulimva kwa ena.

Tinafika ku Ngumbo nkhuku zikulowa. Panjira tinali titapangana kuti apongozi tiwauze kuti mapepala akuyenda bwino. Koma munthu wamkulu sanamizika. Anatiyang'ana tili pakhomo, anafunsa mafunso awiri, Rozina n'kuulula zonse kupatula za m'basi zija.

Kenako apongozi anandikodola kuti ndisendere pafupi ndi mphasa. Anandigwira mkono ndi dzanja lawo lomwe limagwira ntchito.

“Pita, mwanangu, ukakonze pokhala. Usadandaule, ine sindikuchedwetsani.”