Kalavani Yotuluka Thukuta

Ndikukumbukira chaka chimene ndinagona m'kalavani miyezi isanu, pafupi ndi Chia, nthawi imene ankakonza msewu wa m'mbali mwa nyanja. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Amayi anali atagonekedwa m'chipatala ku Lilongwe chifukwa cha chifuwa chachikulu. Azing'ono anga awiri anatengedwa ndi azakhali ku Ntcheu, ndipo ine anati ndipite ndi abambo ndizikawaphikira. Za sukulu zinayamba zaima kaye.

Abambo ankayendetsa giredala, chimakina chija chosalaza msewu, ndipo chifukwa cha ntchitoyo anawapatsa kalavani yawoyawo, kanyumba ka matayala awiri kokokedwa ndi thirakitala. Anzawo ankagona m'matenti kuseri kwa mulu wa miyala. Kalavani yathu anaiimika payokha m'kachigwa, moyang'anana ndi madimba a mpunga. M'kati munali mabedi awiri opangidwa ngati mabokosi, otsegula pamwamba, timazenera titatu, ndi chithunzi cha Pulezidenti chimene kapitawo anapereka kuti chipachikidwe. Chinali chapepala chabe, chomatidwa pa katoni, ndipo chinali kumutu kwa bedi la abambo.

Tsiku loyamba ndinadziona ngati mwana wa bwana. Tsiku lachiwiri ndinadzutsidwa ndi dontho lozizira limene linandigwera m'khutu.

Unali mwezi wa Juni, mvula italeka kale, mwera ukuwomba. Komabe m'mawa uliwonse denga lonse linkakhala ndi madontho ondandalikana ngati mikanda. Magalasi ankachita kuyenderera madzi. Bulangete likakhudza khoma linkanyowa, ndipo machesi ankakana kuyaka. Abambo anakwera pamwamba ndi chitini cha phula namata paliponse pamene anakayikira. M'mawa mwake madontho anali pomwepo, ochuluka kuposa dzulo lake. Anaima pakati pa kalavani manja ali m'chiuno, nati, "Nyumba iyi ikutuluka thukuta ngati yalima." Ndi nthabwala yokhayo imene ndinawamva akunena miyezi yonseyo.

Ankachoka kusanache bwino n'kubwera dzuwa litapendeka, fumbi lofiira lili m'makutu. Tsiku lonse ndinkakhala ndekha. Ana a m'mudzi ankabwera kudzaima chapatali n'kumayang'ana matayala, koma ndikatuluka ankathawa akuseka. Ankanditchula kuti mwana wa m'galimoto. Ntchito yanga inali kutenga sanza, kupukuta denga ndi makoma, n'kukafinyira panja. Ndinkawerenga kuti ndafinya kangati, popeza panalibe wina woti ndimuuze chilichonse. Madzulo tinkatseka chitseko ndi mazenera onse chifukwa cha udzudzu, ine n'kuphikira pa pulayimasi m'kati momwemo, zovala zochapa zili pachingwe pamwamba pa mabedi. Ndinkaganiza kuti ndikusamala bwino nyumba.

Kenaka abambo anayamba kutsokomola. Kanali kachifuwa kouma, kam'mawa, koma ine ndinkakadziwa, chifukwa chifuwa cha amayi chinayambanso choncho. Ankati akatsokomola ndinkasiya kutafuna. Ndinkadzifunsa kuti nawonso akawatengera ku Lilongwe, ine ndidzatsala ndi ndani m'kachigwa muno, kumene palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina langa.

Tsiku lina Lachitatu ndinanyamula matiresi a abambo kuti ndiwakunthe. Kunsi kwake kunali bii ndi nkhungu, ndipo thabwa la bedi linali lonyowa ngati latuluka m'nyanja. Fungo lake linali la chinangwa chovundikira chimene chaiwalika m'madzi. Nditakweza maso ndinaona kuti nkhungu ija yafikanso pa chithunzi. Timadontho takuda tinali pa tsaya ndi pa kolala. Ndinatenga sanza yanga yonyowa n'kupukuta, kamodzi kokha. Pepala linafewa kale ndi chinyontho, ndiye linangotsatira sanza. Theka la nkhope linachoka, kuyambira diso mpaka chibwano.

Amene sanaone masiku amenewo sangamvetse. Ndinali mwana, koma ndinkadziwa kuti anthu ankatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa zimenezi, ndipo ena sankabwerako. Anyamata a chipani ankabwera ku kampu kudzaona makadi a chipani, ndipo ankalowa paliponse osaodira. Ndinakhala pansi pakhomo, sanza ili m'manja, kachidutswa ka nkhope kali pomwepo.

Ndi mmene anandipezera mayi Hawa. Anali mayi wachisilamu wa m'mudzimo, amene ankadutsa ndi dengu la mpunga wopuntha kukagulitsa kwa antchito a msewu. Tinkangopatsana moni basi. Tsikulo anatula dengu nandifunsa ngati ndikudwala. Maso awo anagwera pa sanza ija. Anavula nsapato, nalowa m'kalavani. Kenaka anachotsa chithunzi chija pa msomali, nachiika chozondotsa m'bokosi la bedi, natseka.

"Mwanawe, dzina lako ndani?"

"Elube."

"Elube, ine ndaona matiresi ovunda. Sindinaone china. Gwira uko titulutse."

Tinayanika matiresi onse awiri padzuwa. Iwo anayendayenda m'kati akugwira makoma ndi chikhato, nayang'ana pulayimasi ndi chingwe cha zovala, napukusa mutu. Anandifunsa ngati ndinaonapo madzi amene amakhala kunsi kwa chivundikiro cha mphika. Ndinati inde. Anati, "Ndiye mukugona mumphika, inu ndi abambo anu, n'kudzivundikira. Madzi awa sakuchokera kumwamba ayi. Ndi mpweya wanu womwe, ndi nthunzi ya zophikazi. Chitsulo chikazizira m'bandakucha, zonse zimabwerera kwa eni ake."

Anandiuza kuti mpunga wawo sauika pansi kapena kuutsamiritsa kukhoma, amausanjika pa mitengo kuti mphepo izidutsa kunsi. Masana omwewo anabwera ndi mtolo wa bango. Tinalidula molingana ndi mabedi, tinaliyala motalikirana, matiresi n'kukhala pamwamba pake. Anabweretsanso neti yakale yoteteza udzudzu, yong'ambika, imene tinaidula n'kuikhomerera pa mazenera kuti azigona otsegula. M'bokosi lililonse anaikamo chitini cha makala ouma, nati ndiziwayanika Lachisanu lililonse. Pulayimasi anaitulutsa okha, chingwe cha zovala anakachimanga pa mtengo wa mango. Atatha anasenza dengu lawo napita, mpunga wosagulitsa.

Abambo atabwera ndinawaonetsa chithunzi. Sanandikalipire. Anachiyang'ana nthawi yaitali, nafunsa funso limodzi: "Wina waona?" Nditatchula mayi Hawa anakhala pansi pa sitepe n'kugwira mutu. Kenaka anang'amba katoni ija tizidutswa ting'onoting'ono, naitentha pansi pa ketulo ya tiyi, phulusa lake n'kulikwirira.

Sabata imene inatsatira ndi imene ndinasungulumwa koposa pa moyo wanga. Sitinkaikamba nkhaniyo. Galimoto iliyonse ikaima pa msewu ndinkasuzumira pa neti. Msomali wopanda kanthu ndinaupachika chipewa cha abambo. Mayi Hawa ankadutsa ndi dengu lawo, ine n'kumayesa kuwerenga nkhope yawo, koma iwo ankangofunsa kuti, "Lero ladontha?" Ndinkati pang'ono. Tsiku lina ndinati ayi, ndipo zinali zoona. Denga linali louma, kupatula pakona imodzi pamwamba pa chitseko.

Palibe amene anabwera kudzatitenga. Loweruka abambo anakwera lole kupita ku boma, nabwera ndi chithunzi china cha m'galasi, chimene anachipachika ndi kathabwa kumbuyo kuti chisakhudze khoma. Tsiku lotsatira anamanga chisakasa cha udzu pamwamba pa kalavani, monga anawalangizira amuna awo a mayi Hawa, kuti mame asamagwere pa chitsulo. Kalavani ya kampani inaoneka ngati nkhokwe ya matayala, ndipo kapitawo anaseka mpaka kukhetsa misozi. Chifuwa cha abambo chinayamba kuchepa, ndipo pofika Ogasiti chinatheratu. Kaya chinali cha nkhungu, kaya cha fumbi la msewu, sindidziwa mpaka lero.

Sindinganene kuti ndinapeza anzanga. Ana aja sanasiye kuthawa. Koma masana ena mayi Hawa ankakhala pa sitepe yathu n'kumandiluka tsitsi, osayankhula zambiri, manja awo akununkhira utsi ndi gaga wa mpunga. Ndinkachita dala kugwedeza mutu kuti mzere ukhote, ayambirenso.

Mu Okutobala msewu unasunthira kumpoto. Thirakitala inabwera m'mawa popanda chenjezo, tinagwetsa chisakasa, n'kukokedwa kulowera ku Dwangwa. Ndinathamangira kumudzi kukatsanzika mayi Hawa, koma ndinapeza chitseko chotseka. Anansi awo anati apita kumaliro ku Mwadzama. Sindinawaonenso.

Chaka chatha ndinadutsa pa Chia pa minibasi. Pamene panali kachigwa pali timagolosale ndi anthu ogulitsa nsomba kwa apaulendo. Mnyamata amene ndinakhala naye pampando ankatsutsa boma mokweza mawu, ena akumuyankha, ena akuseka, dalaivala n'kumawonjezera zake. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anacheuka kuti aone amene akumvetsera. Ndinafuna kutsika kuti ndifunse za mayi Hawa, koma ndinazindikira kuti sindidziwa dzina la bambo awo, la amuna awo, ngakhale la mudzi wawo. Munthu amene anasunga moyo wa abambo anga pakamwa pake ndimangomudziwa ndi dzina limodzi. Kondakitala anamenya chitseko, minibasi inanyamuka, ine ndili chikhalire.