Chitini Chosathirira

Chaka chomwe mvula inadula chimanga chili m'chiuno, mwana wanga wachisamba anali mugiredi folo, ndipo tsiku lina anabwera kuchokera kusukulu ndi homuweki yoti aphe chimanga. Amadamu awo a sayansi anauza mwana aliyense kuti apeze zitini ziwiri, athiremo dothi, abzalemo njere. Zikamera, chitini chimodzi azichithirira, chinacho achisiye osachipatsa ngakhale dontho. Pa tsiku la makolo ana adzabweretse zitinizo kusukulu, ife tidzaone ndi maso athu kuti chomera chimafuna madzi. Ine ndinabadwira ku Mlolo, khasu ndinaligwira mano a ubwana asanaguluke, koma ndinavomera kuti ndidzapita kukauzidwa zimenezi.

Chimene chinandidetsa nkhawa si chimanga ayi. Amadamu anasankha mwana wanga kuti ndiye adzaime kutsogolo n'kufotokozera makolo. Mwanayu ali ndi chibwibwi. Liwu likamukakamira amatsinzina, khosi limauma, ndipo ana anzake, amene si oipa kuposa ana a kwina, amamuyeserera. Kutchalitchi anali m'kagulu ka ana oimba. Tsiku lina anamupatsa pemphero kuti awerenge, anakakamira pa liwu loyamba, akumbuyo anaseka, basi kukaguluko sanabwererenso. Ndinamunyengerera, ndinamukalipira, ndinamulonjeza nsapato, koma ayi. Kuuma mutu kumeneko anatengera ine, choncho ndilibe poloza chala.

Amadamu anali ataona kanthu kena. Mawu amene mwanayu waloweza pamtima amatuluka bwinobwino, omuvuta ndi amene afunsidwa mwadzidzidzi. Ndiye anamupatsa mizere itatu yokha kuti aloweze: "Chimanga ichi tinachithirira, chili ndi moyo. Chimanga ichi sitinachithirire, chafa. Chomera chimafuna madzi." Ankainena potsuka mbale, pochokera kumjigo, ndi kuseri kwa nkhokwe komwe ankaimika mbuzi kukhala makolo. Pakutha sabata mbuzi zathu zinali zitaidziwa sayansi imeneyi kuposa ine.

Madzulo ena ndikusenda maungu anaima patsogolo panga nati, "Amama, akandiseka sindidzapitanso kusukulu." Anazinena osakakamira paliponse, ndipo ndinadziwa kuti nazonso waloweza. Ndinachita mantha, chifukwa mwana ameneyu saopseza.

Tsono ndinene za atate ake. Amuna anga kwawo ndi ku Zemba, anabwera kwathu chikamwini, ndipo munda umene amalima ndi wa amayi anga. Mkamwini kwathu samuyesa ndi nkhope kapena kukoma pakamwa, amamuyesa ndi mizere ya kumunda. Zaka zonsezi palibe anawapezapo chifukwa, ndipo amazidziwa, amayenda ngati munthu wozidziwa. Chaka chimenecho masamba a chimanga anayamba kupindika, kenako kuyera, kenako kulira mphepo ikawomba. Iwo ankapita kumunda m'mawa uliwonse ngakhale kunalibe chochita, n'kubwerako ndi mawu omwewo: "Chidzuka. Ikangogwa imodzi yokha, chidzuka." Mawu oti chafa anali oletsedwa pakhomo pathu. Amene ankawanena ndi mwana yekha, kuseri kwa nkhokwe, chifukwa anali a kusukulu.

Zitini tinapeza za penti, tinaboola pansi ndi msomali, mwana anabzala n'kuziika pakhonde. Chosathirira anachijambula mtanda ndi khala kuti wina asasokoneze. Zonse zinamera. Atasiya kuthirira cha mtanda, tsamba lake linayamba kugwa, ndipo mwana anavina pabwalo. Sindinaonepo munthu akusangalala ndi chimanga chofota, koma ndinasangalala naye.

Kenako chimangacho chinadzuka. Tsamba linaongoka, linatuluka lina, mpaka cha mtanda chinabiriwira kuposa chinzake chothirira. Mwana ankagwada n'kupisa chala m'dothi, chala n'kutuluka chonyowa. Denga silikanadontha popeza kumwamba kunalibe chodontha. Ndinakayikira galu, ndinamumenya ndi chigubu popanda mlandu, ndipo mpaka pano akandiona amadzera patali.

Wolakwa ndinamugwira tsiku la makolo litatsala mawa lake. Ndinatuluka m'mamawa kukataya phulusa, ndipo ndinapeza amuna anga atawerama pamwamba pa chitini cha mtanda, kapu yodzaza kumanja, akusamba kumaso pang'onopang'ono.

"Atate ake mwana, mukuchita chiyani?"

"Ndikusukusula."

"Bwalo lonseli, posukusulira mwapeza pachitini?"

"Sindinathirire ine. Madzi akugwa okha kuchoka kumaso."

Nkhope imeneyo ndakhala nayo zaka zambiri ndipo sinayambe yafuna kapu yathunthu. Ndinawapanikiza mpaka anaulula. Amayi anga ndi mkamwini wawo salankhulana maso ndi maso, ndi ulemu wa kwathu, akakumana panjira wina amapatuka. Choncho amayi akakhala ndi mawu a mkamwini amauza nkhuku. Tsiku lomwe tsamba linagwa lija anadutsa pakhonde pathu, anaima, nauza thadzi lomwe linkapalasa pamenepo kuti, "Iwe nkhuku, taona za pakhomo pano. Chakumunda chikuuma, tikuti ni dzuwa. Nanga cha pakhonde, madzi ali mumtsuko, nachonso ni dzuwa?" Amuna anga anali m'nyumba, khomo lili lotsegula, ndipo uthenga unafika.

"Koma mukudziwa kuti ni za kusukulu," ndinatero.

"Ndikudziwa. Odutsa panjira sadziwa kuti ni sayansi. Akuona chimanga chouma pakhonde la mkamwini."

Anakhuthula timadzi totsala m'kapu, m'chitini momwemo, ine ndikuona. Kenako anati motsitsa mawu, "Chakumunda sindingachipatse madzi, amake mwana. Ichi ndingathe."

Ndinawamvera chisoni, komanso ndinakwiya, ndipo mkwiyo ndi umene unapambana. Ndinawafotokozera zomwe anachita. Mawa mwana adzaima pamaso pa anthu n'kuloza chimanga chobiriwira n'kunena kuti chafa, anthu adzaseka. Akapanda kutero adzafunika mawu atsopano, ndipo mawu atsopano ndiwo samutuluka. Ndinati nthawi yoti chiume chokha yatha, tichithire madzi owira kapena tichiwaule pamoto, pofika mawa chikhala chitafa bwinobwino. Amuna anga ananyamula chitini n'kuchikumbatira.

"Chimanga sichiphedwa pakhomo pano."

Ndinalankhula zambiri m'mawa umenewo. Ndinatchula za ku Zemba, ndinatchula abale awo amene nkhaniyi sinkawakhudza, ndinafunsa ngati anakwatira ine kapena chitini. Nditatembenuka ndinaona mwana ali pakhomo, wamva zonse. Anayang'ana atate ake, anatsegula pakamwa kuti afunse kanthu, liwu linakakamira. Anayesanso, anatsinzina, kenako anasiya. Analowa m'nyumba, anapinda yunifomu yake mwaudongo n'kuiika pansi penipeni pa chikwama cha zovala, pomwe timaika zimene zachepa. Tsiku limenelo sanapite kusukulu, mbuzi nazo sizinaphunzire.

M'mawa mwake ndinadzuka amuna anga atachoka kale ndi njinga. Ndinati athawa mlandu, ndipo ndinakonza mawu ena owalandirira. Mwana anavala diresi la pakhomo n'kuyamba kusesa bwalo ngati Loweruka. Makolo ena ankadutsa panjira atatchena, ana awo atasenza zitini pamutu, ine ndinalowa m'khitchini kuti asandifunse.

Dzuwa litakwera pang'ono njinga inalowa pabwalo. Pakaliyala anamangirira phesi la chimanga lathunthu, lozula ndi mizu yomwe, lofika m'chiuno, masamba ake ouma gwa. Anagwada pakhonde, anafukula kachimanga kobiriwira ka m'chitini cha mtanda pamodzi ndi dothi lake, mosamala, n'kukasamutsira m'phale. Kenako anaimika phesi louma lija m'chitinimo n'kutsindira dothi ndi zala.

"Ichi sichinathiriridwe," anauza mwana. "Mboni ndine."

Mwana anayang'ana phesilo, anayang'ana kanzake kothirira kamene sikanafike n'komwe pabondo. "N'cha-cha-chachikulu," anatero.

"Amadamu anatchula msinkhu?" anafunsa atate ake.

Mwana anaganiza, anapukusa mutu. Anasiya tsache pomwepo n'kulowa kukafukula yunifomu. Inali yokwinyika koma panalibe nthawi yokoleza makala a simbi.

Kusukulu tinapeza madesiki atatulutsidwa panja, ndipo patebulo lalitali panali zitini za kalasi yonse, ziwiriziwiri. Zonse zinali zobiriwira. Za mtanda, zopanda mtanda, zonse zinali zosangalala. Ndinaima n'kuyang'ana makolo anzanga, iwo n'kumayang'ana kumapazi, kupatula bambo wina amene ankalozera mnzake kuti cha mwana wake ndicho chachitali kuposa zonse. Pambuyo pake ndinamva kuti kwina anali agogo ndi madzi otsukira mbale, kwina amalume, kwina mayi weniweni wa mwana. Aliyense ankaganiza kuti ali yekha.

Amadamu anayenda kuchokera kumapeto a tebulo mpaka kumapeto ena, manja kumbuyo. Ndi mtsikana wodekha, wa kuboma ku Chadiza konkuno, ndipo kwawo nakonso amalima. Anaima nati, "Makolo, zikomo kwambiri chifukwa chothandiza ana homuweki." Ataona phesi lathu analiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana amuna anga, koma sanafunse kanthu. Anasuntha zitini zina n'kuika zathu ziwiri kutsogolo.

Kunali ndakatulo za ana aang'ono a giredi wanu, kunali kuwerenga Chingerezi, kunali sewero la kusamba m'manja lomwe linatalika kwambiri. Ine sindinamve chilichonse, maso anga anali pa mwana basi. Kenako anaitana mwana wanga. Anaima pakati pa zitini ziwirizo, phesi louma likumupitirira mutu popeza linali patebulo, ndipo anayang'ana pamwamba pa mitu ya anthu monga amadamu anamuuzira.

"Chimanga ichi tinachithirira, chili ndi moyo. Chimanga ichi sitinachithirire, chafa. Chomera chimafuna madzi."

Mawu onse anatuluka, liwu lililonse pamalo pake. Ndinakweza manja kuti ndiombe, koma ndinaona kuti palibe akuomba. Anthu ankayang'ana phesilo. Aliyense anali ndi munda wathunthu wa mapesi otero, aliyense ankauza banja lake kuti chidzuka, ndipo kamtsikana ka giredi folo kanangonena poyera zimene akuluakulu ankazizemba.

Ahedi, bambo wabwino amene sakonda kuti pakhale chete, anaganiza zothandiza. Anamwetulira nafunsa, "Wachita bwino, mwana wanga. Tsono chimanga chachikulu chonchi wachitenga kuti?"

Funso limeneli silinali m'mizere itatu ija. Amadamu anayenda pang'ono kuti ayankhe okha, koma mwana anali atatsegula kale pakamwa.

"M'mu-mu-mu..."

Anatsinzina, khosi linauma, zala zinagwira m'mphepete mwa tebulo. Ndinayang'ana kumbuyo komwe kunakhala ana, ndinali wokonzeka kudzuka n'kumenya mwana wa mwini pamaso pa amake. Koma palibe anaseka. Makolo anali duu, ndipo ana akaona makolo awo ali choncho nawonso amasunga mano. Anadikira onse, mwana analimbana nalo liwulo mpaka linatuluka.

"M'munda mwa atate."

Amuna anga anali kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi njinga, chifukwa amayi anga anakhala kutsogolo. Anaimirira ngati munthu woitanidwa dzina, anavula chipewa.

"N'changa," anatero. "Munda wonse uli choncho. Chafa."

Anakhala pansi. Amayi anga sanatembenuke, ndipo panalibe nkhuku yoti aiuze kanthu, anangokoka chitenje n'kupukuta m'maso. Kenako mayi wina anayamba kuomba m'manja, ena anatsatira, koma sindikudziwa ngati ankaombera mwana kapena atate ake. Ine ndinalira poyera, osabisa.

Mawa lake mwana anadzuka yekha, anasamba, anavala yunifomu n'kupita kusukulu. Atate ake sanapite kumunda. Anapopa matayala a njinga n'kulowera kuboma kukafuna ganyu.