A Eneya ndi Batire Lawo Lachiwiri

Amalume anga a Eneya ndi msodzi wa pa doko la Swang'oma, ku nyanja ya Chilwa. Ndi aafupi, ndipo akamaseka amagwira chipewa ngati chiwathawa. Matemba amawadziwa, milamba amaidziwa, koma chimene anthu amawadziwira si nsomba ayi. Ndi wailesi.

Chaka chimene zipani zinachuluka chija, amalume anagula batire la galimoto ku Migowi kuti wailesi isamazime m'boti. Ankati timabatire tating'ono timatha mpira usanathe. Batirelo ankangolikhazika pa thabwa lokhalira, osalimanga. Tsiku lina mwera unawomba, boti linapendekeka, batire phava m'madzi! Wailesi inapulumuka chifukwa inali pakhosi pawo.

Sipanapite nthawi, nyanja inaphwa. Asodzi anzawo ankangokhala pa doko atagwira tsaya, koma amalume anatenga khasu n'kuyamba kuyenda pansi pa nyanja, pamatope ong'alukawo. Anasaka mpaka analipeza, n'kubwera atalisenza pamutu.

"Ndinakuuzani kuti silinatayike," anatero. "Ndinangolisungitsa."

Silinagwirenso ntchito. Mpaka lero azakhali a Belita, akazi awo, amakhalapo akamasenda chinangwa.

Madzi atabwerera amalume anagula batire lina. Kuyambira pamenepo akamatsikira ku doko anzawo ankawakuwa: "A Eneya, limeneli mukalisungitsa liti?" Iwo ankaseka nawo, koma ine ndinkaona kuti chipewa sankachigwira.

Kenako mlongo wanga Lekani anapeza mbeta, Fanny, wa kutsidya kwa dambo. Amalume ndiwo anali ankhoswe. Akuchikazi anati gumbagumba ali nayo koma batire alibe, ndipo amalume anadziguguda pachifuwa pamaso pa onse kuti nyimbo za pa chinkhoswe zili m'manja mwawo. Tsiku litayandikira mvula inadula msewu. Anthu anazungulira wapansi, koma batire silikanayenda pamutu mtunda wonsewo. Linayenera kudzera pamadzi. Ine anandiuza kuti ndikwere nawo boti chifukwa mwana wanga Atikonda anali wakhanda.

Nthawi imeneyi amalume anakonzekera. Batire analitchajitsa ku Migowi. Analikhazika pa thabwa, n'kulimanga ndi malegeni a panjinga. Azakhali ataona malegeniwo anati, "Bambo, awa si aja adya dzuwa chaka chonse?"

"Mayi, inu dziwani za chinangwa."

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu. Amalume anaima kumbuyo akukankha boti ndi nsungwi yawo yaitali, ine pakati ndi mwana kumsana. M'mabango munali bata. Titangotulukira poyera, mphepo inatilandira. Boti linayamba kuvina. Ndinamva kuti thapu! Legeni limodzi laduka. Batire linasendera kumanja, n'kubwerera, n'kusenderanso.

Amalume sakanasiya nsungwi, boti likanatembenukira m'mbali mwa mafunde. Anayesa kuliponda ndi phazi, silinafike.

"Make Atikonda, taligwira!"

Ndinaligwira. Koma kulemera kwake! Funde lililonse linkandikoka nalo, ndipo mwana anayamba kulira. Legeni lachiwiri linali litayamba kung'ambika. Ndinayang'ana amalume. Sankaseka. Ankayang'ana madzi ngati akuyeza pamene adzakumbe nyanja ikadzaphwanso.

Ine kuyankhula pamaso pa akuluakulu kumandivuta. Ngakhale kutchalitchi ndimayimba chamumtima. Koma ndinaona chinthu: Atikonda, boti likugwedezeka chonchija, sankasuntha kumsana kwanga ngakhale pang'ono.

"Amalume," ndinatero, "bwanji tilibereke?"

"Wati chiyani?"

"Tilibereke. Ngati mwana."

M'jumbo ndinali ndi chitenje chatsopano, chofanana ndi cha azimayi onse akuchimuna, choti ndikavale pa chinkhoswe. Ndinalitsitsa batire pathabwa pang'onopang'ono, n'kulikhazika chilili pa mulu wa ukonde kuti lisakhale m'madzi a pansi pa boti. Ndinalitsamiritsa ku thabwalo, ngati thabwa ndiye msana wa mayi. Chitenje ndinachikulunga kuyambira pansi, kuti likhale m'kati ngati matako a mwana, mfundo imodzi pamwamba pa thabwa, ina pansi pake. Mutu ndinausiya poyera, monga timachitira kuti mwana apume.

Funde linabwera. Batire zii. Linabwera lina lalikulu, madzi anatiwazira kumaso. Batire zii.

Amalume analiyang'ana, anandiyang'ana ine, kenako dzanja limodzi linasiya nsungwi n'kupita pa chipewa.

"Lagona!" anakuwa. "Usalidzutse!"

Kutsidya azimayi akuchikazi ankatidikira pa gombe. Ataona chimene chinali m'chitenje, nthungululu zinasanduka phwete.

"Ankhoswe, mwabwera ndi wakhanda osatiuza? Ndi wamwamuna kapena wamkazi?"

"Ndi woyimba," anayankha amalume. "Mumumva posachedwa."

Analimasula okha, mosamala, n'kulinyamula pachifuwa mpaka pabwalo. Gumbagumba inalira mpaka dzuwa kulowa. Azakhali a Belita, amene anafika ndi matope mpaka m'mawondo, anavina kuposa tonse.

Chitenje changa ndinachivala. Ndinaona kuti pakona panali ponyowa koma sindinalabadire. Ndikuchapa mawa lake, pakonapo panangoyoyoka timabowo ngati padya njenjete. Anali madzi a m'batire, aja amadya nsalu. Amalume atachiona anati, "Mwana aliyense amanyowetsa mbereko." Anachitenga, ndipo Loweruka lotsatira anabwera ndi china kuchokera ku Migowi, cha maluwa achikasu.

Chobookacho chili m'boti mpaka pano. Pansi pa batire anawonjezerapo kachigubu kodula pakati kuti madzi ake asamafike pa ukonde, koma kamangidwe ndi komwe kaja, mfundo pamwamba, mfundo pansi. Anzawo a pa doko anasiya kufunsa zosungitsa. Masiku ano amafunsa kuti, "A Eneya, mwana wadzuka bwanji?"

Iwo amagwira chipewa. "Wadzuka bwino. Akukupatsani moni."