Ketulo Yoboola ndi Msomali

Alamu anga aakulu sanali munthu wokweza mnzake galimoto ulele. Choncho tsiku lomwe anafika pabenchi langa la kaunjika ku Limbe, akumwetulira mpaka mano a m'mbali kuonekera, n'kunena kuti akufuna kundiperekeza kumudzi ku Dambe ndikaone amayi, ndinadziwiratu kuti pali kanthu. Ndinawafunsa kuti, "Kodi alamu, mwadwala?"

Inali nthawi ija matipate atangoyamba kumene. Pakhomo la msika anali atasiya kufunsa makadi a chipani, ndipo aliyense anasanduka wa geni. Alamuwo anali atachotsedwa ntchito kampani yawo itagulitsidwa, ndiye anagula pikapu yakale yomwe inkalira pokhapokha anthu akaikankha. Geni yawo inali yosaka zinthu zakalekale: nsimbi zamakala, nyali, magalamafoni, makobiri oboola pakati aja. Ankakagulitsa kwa mzungu wina wa sitolo ya ziboliboli m'tauni. Zomwe mzunguyo ankachita nazo palibe ankadziwa bwino. Ena ankati m'nsimbi zakale muli mankhwala opangira mabomba, ena ankati amazisungunula n'kupeza golide. Ine zonsezo sindinkazikhulupirira, komanso sindinkakhulupirira kuti munthu wanzeru zake angagule dzimbiri chifukwa chongolikonda.

Chomwe ankandifunira chinatuluka pomwepo. Ankafuna belo langa la zovala, chifukwa anamva kuti kumudzi anthu amatulutsa msanga katundu wakale akaona jekete kusiyana ndi akaona ndalama. Ankafunanso nkhope yanga. Iwo anabadwira ku Halale, bambo awo anali mtchona, ndipo anabwera kuno ali kale ndi ndevu. Kumudzi anali asanakhaleko. Pamaliro ankatsalira pansi pa mtengo n'kumakamba za mpira, kumanda osafikako. Munthu wotero akaima pakhomo la eni ake n'kumafunsa za katundu wa m'nyumba, agalu okha ndi amene amamuyankha.

Ndinavomera chifukwa cha amayi. Bambo anali atamwalira dzinja lapitalo, ndipo chichokereni kumaliro ndinali ndisanapondeko.

Tinadzera njira ya ku Lirangwe n'kukaima ku Matope, pafupi ndi Shire, pomwe amayi ankayanika nsomba. Anthu anangotiyang'ana. Masiku amenewo galimoto yachilendo ikaima pamudzi, mphekesera zinkayamba injini isanazime. Ndinatsika, ndinapereka moni kwa akuluakulu mmodzimmodzi, ndinanena kwathu ndi mtundu wathu, ndipo pang'onopang'ono anthu anayamba kulowa m'nyumba. Kunatuluka nyali yopanda galasi, nsimbi ziwiri, wailesi yomwe munali mutamanga mavu. Alamu ankatembenuza chilichonse, kuchinunkhiza, n'kuchinyoza kaye asanachitenge. Ine maso anga anali pa belo, chifukwa dzanja la alamu linali lopepuka kwambiri popereka zovala zomwe sanagule okha.

Kenaka mayi wina wachikulire anabwera ndi mbale yachitsulo yoyera, ya mkombero wabuluu ija, yodyeka ndi dzimbiri mpaka kuonekera kuseri. Anaibisa m'nsalu, akuchita manyazi. Alamu anailandira ndi manja awiri, anainyamula m'mwamba kuti onse aone, n'kulengeza ngati ali pamsonkhano.

"Ngakhale zoboola tikutenga. Mbale, makapu, maketulo, musataye. Azungu amadzalamo maluwa."

Amuna awiri omwe ankasoka ukonde chapatali anasiya kusoka n'kuyang'anana. Kuyang'anana kumeneko sikunandisangalatse, koma sindinadziwe kuti ndikunene bwanji.

Ku Lisungwi tinafika mawa lake, tsiku la msika, kukutentha kwadzaoneni. Tinaima pakhonde la sitolo ya Msilamu wina wa ndevu zoyera, yemwe anatilola kuyala zovala pamenepo. Tisanamasule n'komwe belo, anthu anali atayamba kale kubwera ndi matumba. Mbiri yathu inali itatitsogolera pa njinga ndi pa matola.

Chinayamba kundidabwitsa ndi ogulitsawo. Mbale ndi makapu ndi katundu wa amayi, koma obwera nazo anali amuna okhaokha. Chachiwiri, sankanenerera. Munthu wa kwathu, ngakhale akugulitsa nkhuku yodwala, amakangana nawe mpaka dzuwa kupendeka. Awa ankalandira malaya oyamba omwe apatsidwa, n'kuwapinda msangamsanga, n'kulowa m'chigulu cha anthu osacheuka. Ndinatola kapu imodzi n'kuitembenuza. Chibowo chinali pakatikati penipeni, chozungulira bwino, m'mbali mwake mutapindikira mkati. Ndinatola mbale, chimodzimodzi. Zonse zinali zoyezuka mbali imodzi ndi dzuwa, mbali inayo itamatira dothi louma.

Mwini sitolo uja anatuluka, anayang'ana muluwo, n'kulankhula motsitsa mawu kwa ine, osati kwa alamu.

"Chemwali, zovala zanu zikhale. Koma katundu uyu mumuchotse pakhonde panga."

Apo m'pamene ndinazindikira. Kwathu munthu akamwalira, adzukulu, omwe ndi anthu okumba manda, akamaliza kuumba mtumbira, abale amaikapo mbale kapena kapu yomwe womwalirayo ankagwiritsa ntchito. Asanaiike amaiboola pansi ndi msomali. Chibowocho ndi chouza aliyense kuti chinthuchi ntchito yake kwa amoyo yatha, wina asachitenge. Kuyambira kale chibowo chimenecho chinkakwanira kulondera manda, chifukwa mbale yodontha palibe ankaifuna. Tsopano kunabwera munthu ndi pikapu kudzalengeza kuti akuifuna.

Ndinawakokera alamu kuseri kwa galimoto n'kuwauza zonse, ndipo sindinasankhe mawu.

"Mwawaona ndi maso anu akutenga kumandako?" anandifunsa.

"Alamu, dzimbiri siliboola pakati pokhapokha. Dzimbiri lilibe hamala."

"Inu mlamu mumakayikira chilichonse. Ndi mthunzi wanu womwe mumaukayikira."

Pamenepo sananame. Koma mpaka lero sindidziwa ngati analidi osadziwa kapena anangoona kuti kusadziwa kukuwapindulira. Nkhope yawo inali ya munthu wodabwa, koma manja awo sanasiye kulongedza. Ndinamanga belo langa n'kukhalapo, ndipo ndinawauza kuti chovala changa ngakhale chimodzi sichisinthanitsidwanso ndi chinthu choboola. Iwo anafunditsa katundu yense ndi tenti, n'kunena kuti nkhaniyo tikambirana kutsogolo.

Msewu wokwera ku Neno unali woipa, ndipo m'zitunda zina ndinkatsika n'kumaika mwala kuseri kwa tayala. Kumbuyo mbale zija zinkangolira kwechekweche pa bampu iliyonse. Pa Neno, komwe nthawi imeneyo kunali kudakali pansi pa Mwanza, ndinatsika kukagula manachesi. Mayi wogulitsayo anayang'ana pikapu, n'kundiyang'ana ine.

"Kodi ndinu a galimoto yogula zoboola ija, eti? Ku Dambe akukudikirani."

Manachesi aja sindinawadye. Maganizo anga anathamangira pa mtumbira wa bambo. Pamenepo tinaikapo ketulo yawo yabuluu, yomwe anabwera nayo kuchokera ku minda ya tiyi komwe anagwirako ntchito ali mnyamata. Chogwirira chake chinathyoka kalekale, ndipo anapanga china cha waya n'kuchikulunga ndi mphira ya chubu cha njinga. Ankaphikiramo tiyi okha m'mawa uliwonse, munthu wina osaikhudza. Tsiku la maliro ine ndi amene ndinaigwira chozondotsa pamene amalume ankakhoma msomali.

Ndinawauza alamu kuti tibwerere. Anati mafuta otsala ndi ongokwanira kupita ndi kubwera kamodzi, ndipo ngati ndikufuna kuona amayi ndi lero. Ndinawalumbiritsa kuti ku Dambe sakatenga chinthu choboola. Analumbira mosavuta kwambiri, ndipo kulumbira kosavuta koteroko sindinakukhulupirire.

Ku Dambe kunkazizira ngakhale dzuwa linali pamutu. Galimoto inathera pa chigayo, chifukwa kupitirira apo ndi njira ya miyendo yotsetsereka. Belo silinali loti ndingalisenze, ndiye ndinalisiya nditalimanga mfundo zanga zomwe ndinkazidziwa. Amayi ndinawapeza akusankha mbatata ya kachewere pabwalo. Anali ataonda. Anandilandira bwino, anandifunsa za ana ndi za amuna anga, ndipo anali atandipatulira kale thumba la mbatata loti ndipite nalo. Mlongo wanga wamng'ono, yemwe ankakhala nawo pakhomopo, kunalibe. Amayi anati anadzuka m'mamawa osanena komwe akupita.

"Ndamva kuti kwabwera galimoto," anatero amayi. "Akuti ikugula zinthu."

"Ndi ya alamu, amayi. Ndi imene ndakwera."

Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anapitiriza kusankha mbatata. Atamaliza anasamba m'manja, anamanga mpango, n'kunena kuti mlendo wafika ndi mwana wawo sangabwerere osapatsidwa moni.

Titafika pa chigayo, chinthu choyamba chomwe ndinaona ndi mfundo za belo langa. Sizinali zanga. Alamu anathamangira kudzagwada pamaso pa amayi, ulemu wosefukira, kufunsa za nthenda ndi za mvula. Ine ndinazungulira kumbuyo kwa pikapu n'kukweza tenti.

Ketulo ya bambo inali pamwamba penipeni, itagonekedwa chammbali. Mphira ija inali itasweka ndi dzuwa, koma waya anali womwewo. Ndinaitembenuza n'kuona chibowo chomwe ndinachiona chikubooledwa. Ndinamva mkwiyo waukulu, ndipo pansi pa mkwiyowo panali manyazi, chifukwa anthu onse a pa chigayo ankadziwa kuti galimoto imeneyi yabwera ndi mwana wa pamudzi pomwepo.

"Alamu, munalumbira."

Anaimirira, akupukuta mawondo. "Imeneyo ndi ina, mlamu. Ketulo ngati imeneyo mzungu amaifuna kwambiri. Wabwera nayo ndi bambo wina, wati inali m'khitchini mwake. Sanavute n'komwe, wangosankha jekete yofiira ija basi."

Amayi anali atafika pambali panga. Sanalire. Anatambasula dzanja n'kuika chala pa chibowo chija, kenaka anasisita waya wa chogwirira.

"Iyi ndi ya bambo a mwanayu," anawauza alamu. "Tinawasiyira kumanda."

Alamu anayamba kupepesa, kunena kuti sankadziwa, kuti aitenge, kuti sakufunanso kanthu. Amayi anavula nsalu yapamwamba, anakulunga ketulo ija bwinobwino, n'kuinyamula pachifuwa. Kenaka anayang'ana mulu wotsala pansi pa tenti, makapu ndi mbale za ku Lisungwi zija.

"Nanga awa ndi a yani?"

Ogulitsa aja sitinkawadziwa maina, ndipo ngakhale tikanawapeza, ndani akanavomera kutilozera mtumbira? Alamu anayang'ana katundu wawo ngati akumuona koyamba. Ndinawauza kuti atsitse belo langa, ine pikapu imeneyo sindikweranso. Amayi anawonjeza mofatsa kuti mbatata yanga idzapita pa matola, chifukwa galimotoyo yanyamula kale katundu wa eni ake.

Belo tinalisungitsa kwa mwini chigayo, ndipo tinayamba kutsetsereka kubwerera kunyumba, amayi patsogolo, ine pambuyo. Njira yonse ndinkawerengera m'mutu amuna a m'mudzimo. Ndinakayikira adzukulu, chifukwa ndi amene amadziwa manda onse. Ndinakayikira woyandikana nafe yemwe anakanganapo ndi bambo za malire a munda. Ndinakayikira ngakhale mwini chigayo. Ndinalumbira mumtima kuti ndiyenda khomo ndi khomo mpaka ndiipeze jekete imeneyo, chifukwa ndinkaidziwa bwino. Inabwera m'belo thumba lake litang'ambika, ndipo ndinalisoka ndekha ndi ulusi wakuda poti wofiira ndinalibe.

Sindinayende khomo ndi khomo. Titangowoloka kamtsinje ka kumunsi kwa nyumba, tinakumana ndi mlongo wanga akuchokera njira ya kumowa, akuimba kamluzu, manja ali m'matumba a jekete yofiira. Atandiona anamwetulira n'kutambasula dzanja.

"Achemwali, mwafika liti?"

Kenaka maso ake anagwera pa mtolo womwe amayi ananyamula. Mlomo wa ketulo unali utatulukira pa nsalu. Dzanja lija linatsika lokha.

Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa, ndipo zomwe ndikanalankhula zikanamveka mpaka ku chigayo. Amayi anandigwira pamkono. Anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumapewa mpaka m'chiuno, anatambasula dzanja n'kumukonzera kolala yomwe inali itapindika.

"Yakukhala bwino," anatero. "Kuno kumazizira, ukanandiuza. Mawa uivale pokawauza amalume ako kuti aitane adzukulu. Bambo ako tikawabwezere ketulo yawo, ndipo wonyamula ukhala iweyo."

Anamupatsira mtolo uja m'manja, n'kupitiriza ulendo wa kunyumba osacheuka.